Buku la ulendo wa ku Mars linandiliza m'minibasi

Ine si munthu wolira ndi mabuku. Koma tsiku lina ndili m'minibasi ya ku Area 25, ndikuwerenga pafoni, ndinangozindikira misozi ili chuchuchu. Mayi amene ndinakhala nawo pampando anandigwira paphewa. "Kwagwanji mwanangu? Ndi uthenga wa maliro?" Ndikanawauza bwanji kuti ndikulirira mkazi wa m'buku amene akupita ku Mars?

Bukulo ndi The Fated Sky, lolembedwa ndi Mary Robinette Kowal wa ku America. Linatuluka mu 2018 ngati gawo lachiwiri la The Calculating Stars. Nkhani yake ndi yopeka: mu 1952 chimwala chochokera mumlengalenga chigwera m'nyanja kufupi ndi Washington, nyengo n'kusokonekera, akatswiri n'kuona kuti m'tsogolo dziko lidzatentha moti anthu sadzathanso kukhalamo. Ndiye pakufunika kwina kothawira. Elma York, katswiri wa masamu amenenso amayendetsa ndege, akulimbana ndi akuluakulu kuti akazi nawonso aziloledwa kukwera maroketi. Mwamuna wake, Nathaniel, ndi injiniya wamkulu pantchito yomweyo.

M'gawo lachiwirili Elma wapatsidwa malo paulendo woyamba wa ku Mars, ulendo wa zaka pafupifupi 3. Nathaniel akutsala. Apa ndiye pamene panandigwira, chifukwa kwathu ndinazolowera zosiyana. Amene amanyamula chikwama kupita ku Johannesburg ndi bambo, mayi ndiye wodikira. Mayi anga anadikira choncho zaka zambiri, ndipo palibe anawafunsapo ngati angakwanitse.

Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili ndi kalata yondipatsa mwayi wokachita maphunziro a masters ku Scotland, chaka chimodzi chokha. Chinkhoswe tinali titapanga kale. Azakhali atamva anandiitanira kuchipinda. "Iwe mwana, mwamuna sadikira. Ukamabwera ndi pepala lakolo udzapeza mnzako akuphika m'mapoto ako." Kalatayo inakhala mu imelo milungu itatu, osayankhidwa. Bwenzi langa ndinangomuuza mwapatalipatali, ngati nkhani yocheza.

Mabuku ambiri achikondi amathera pomwe awiri agwirana manja. Ili likuyambira m'banja lomwe lilipo kale, n'kufunsa kuti: kodi ungamukonde munthu mpaka kumuthandiza kuchoka? Nathaniel samuletsa Elma, ngakhale akudziwa bwino kuposa wina aliyense zimene zingalakwike m'chombo chimenecho. Nayenso Elma si chimphona. Ali ndi vuto la nkhawa, moti mantha akamugwira amawerenga manambala chamumtima kuti mtima ukhale pansi. Amapita akuopa, ndipo kusowa mwamuna wake sikumuthera.

Ndiye pali nkhani ya mtunda. Uthenga wa pawailesi wochokera ku Mars umatenga mphindi pakati pa 3 ndi 22 kuti ufike kuno, malinga ndi pomwe mapulaneti awiriwa ali. Kucheza kwa "halo, ukundimva?" kulibe. Umatumiza mawu ako, n'kukhala chete, kudalira kuti akafika ndipo yankho libwera. Ine amene ndimatupa mtima ndikaona timizere tiwiri ta buluu pa WhatsApp popanda yankho kwa mphindi 10, ndinadziseka ndekha. Ndikuganiza kuti mphamvu ya nkhani zachikondi za mumlengalenga ili pamenepa. Kudikira kumene tonse timakudziwa zimakukuza mpaka timakuona bwinobwino, n'kuzindikira kuti wodikirayo nayenso ali paulendo wake.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuuza bwenzi langa zonse, mosazungulira: kuti ndikufuna kupita, kuti ndikuopa, ndi zomwe azakhali ananena. Sanayankhe ngati munthu wa m'buku ayi. Anakhumudwa kuti ndinamubisira, ndipo masiku awiri tinkangopatsana moni wouma. Tsiku lachitatu anabwera ndi kope, tinakhala pakhonde n'kuyamba kuwerengera za ukwati: tiusunthire mwezi uti, ankhoswe tiwauze liti, ndalama tizisunga bwanji.

Kalata ija ndinayankha. Azakhali mpaka pano akupukusabe mutu, ndipo sindinganene kuti mantha awo ndi opanda pake, aona zambiri. Ndinyamuka mu Seputembala. Bukulo ndamutumizira mwini wake wodikirayo, koma akuti ayambira gawo loyamba, asamve nkhani pakati.