Msewu wa kwathu ndi wa ndani?

Dzinja likangofika, msewu wadothi wopita kumudzi kwathu umasanduka mtsinje. Akabaza amakweza mtengo, magalimoto amathera panjira. Mayi anga amagulitsa tomato, ndiye galimoto ikapanda kufika masiku atatu, dengu lonse laola basi. Nanji mayi woyembekezera amene matenda amuyamba usiku!

Kwathu timangoti boma likonze. Koma boma lake liti? Misewu ikuluikulu ngati M1 ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera zimachokera ku msonkho umene timalipira tikamagula mafuta a galimoto. Timisewu ta m'midzi ndi ta khonsolo, potsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, lija la mphamvu ku anthu. Dandaulo limayambira ku VDC, lipite ku ADC, kenako khansala alitengere ku khonsolo.

Ine chimene ndaona n'chakuti msewu umaphedwa ndi madzi. Giredala ikhoza kusalaza bwinobwino, koma ngati ngalande zatsekeka, mvula yoyamba imakokolola zonse. Komanso enafe timalima mpaka m'mbali mwa msewu, n'kukwirira ngalande zomwezo.

N'chifukwa chake ndikakhala kumudzi sindiphonya msonkhano wa VDC. Ndimafunsa zinthu ziwiri: msewu wathu uli pa ndondomeko ya chitukuko ya chaka chino? Nanga ngalande tikumba liti mvula isanagwe? Funso loyamba ayankhe ndi a khansala. Lachiwirilo likungofuna makasu athu.