Seva ya panyumba: kumanga kapena kugula?

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ku Limbe, ndipo amene amabwera kawirikawiri ndi nkhani ya posungira mafayilo ndi ojambula maukwati ndi zinkhoswe. Vidiyo siichedwa kudzaza disiki. Munthu amafika ndi timadisiki ta m'thumba m'jumbo, kena kakugogoda kale m'kati, n'kufunsa kuti: "Achimwene, ndigule kabokosi ka NAS kapena mundimangire seva?"

Mabokosi a NAS a Synology ndi QNAP, ochokera ku Taiwan, sindiwanyoza. Umangolowetsamo madisiki awiri, kulumikiza ku rauta, basi. Sachita phokoso, sadyanso magetsi ambiri. Vuto n'lakuti amafuna ndalama zakunja. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa kabokosi ku Johannesburg n'kulipiranso msonkho ndi nkhani yoyamba wakhala pansi. Ndipo china chikapsa m'kati mwake, chosinthira suchipeza m'mashopu athu kuno.

N'chifukwa chake ine ndimakonda kumanga. Ndimatenga Dell OptiPlex kapena HP yakale yotsika m'maofesi, kuitsegula, kuuzira fumbi lomwe laundana pa fani, kupaka mwatsopano phala loziziritsa purosesa, n'kuwonjezera RAM. Pa madisiki pokha ndiye sindinyengerera. Akale ayi. Ndimafuna awiri atsopano, WD Red kapena Seagate IronWolf, opangidwira kuzungulira usana ndi usiku. Kenako ndimaikamo TrueNAS kapena OpenMediaVault, mapulogalamu aulere, n'kutchera kuti cholembedwa pa disiki ina chizilembedwanso pa inzake. Power supply ikafa, ina imapezeka tsiku lomwelo. Kuipa kwake, makina otere amatha mayunitsi msanga, ndipo mwiniwake zikangovuta pang'ono amaimbira ine, ngakhale Lamlungu ndili kutchalitchi.

Komabe mdani weniweni ndi magetsi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira. Disiki imadana ndi kuzimidwa ili m'kati molemba, ndipo magetsi akabwera mwaukali amaotcha bolodi, kaya bokosilo n'logula kaya n'lomanga. Ndiye ndimamangirira UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, waya wake wa USB n'kuulowetsa mu seva, kuti batire ikayamba kutha makina azidzitseka okha mwadongosolo.

Chinanso, madisiki awiri aja asakupusitseni. Mukafufuta chikwatu cha ukwati wa eni ake, chafufutika konsekonse, ndipo mbala ikalowa imanyamula bokosi lonse. Pakhale disiki yachitatu yokagona kwa achibale ku Chilomoni kapena ku Bangwe.

Amene ali ndi madola ndipo safuna kumandiona pafupipafupi, agule NAS. Enafe timange. Koma ngati ndalama ya UPS palibe, musabwere nazo kwa ine, sindiyamba ntchitoyo.