Nkhope ya Mkwati Ioneke

Ife amene tinaphunzira kutsuka zithunzi m'zaka za m'ma 1970 tinkayesedwa luso pa chithunzi cha ukwati. Mkwatibwi wavala velo yoyera mbee, mkwati wavala suti yakuda bii, ndipo onse awiri ndi akhungu lakuda. Ukati usamale velo, nkhope zinkamira mumdima. Ukati usamale nkhope, velo inkasanduka pepala lopanda kanthu. Mwini situdiyo yomwe ndinkagwirako ntchito ku Limbe ankanyamula chithunzi chikudontha madzi, n'kuchipenda, n'kunena kuti, "Mnyamata iwe, anthuwa sanalipire kuti adzaone suti. Ndionetse maso a mkwati."

Ntchito yonse inkachitikira m'chipinda chamdima, pansi pa kagetsi kofiira. Negativi tinkaiika mu enlarger, kuwala n'kudutsamo kugwera papepala. Pamenepo manja ankavina. Ndi kachidutswa ka katoni komangirira kuwaya tinkatchinga nkhope kwa kamphindi kuti isade kwambiri, kenako n'kupinda zikhatho kuti kuwala kupitirire kugwera pa velo yokha mpaka timaluwa take titatuluka. Mapepala a Ilford anali ndi manambala: otsika ankatulutsa chithunzi chofewa, okwera chaukali, chakuda chikhale chakudadi. Tisanawononge pepala lathunthu tinkayamba tayesa pa kachidutswa. Ndiye inkafika nthawi yomwe sindidzaiwala, pepala lili m'mankhwala, nkhope zikutuluka pang'onopang'ono ngati munthu akubwera m'nkhungu ya m'mawa ku Thyolo.

Lero mdzukulu wanga amatulutsa zithunzi zomwezi pa printa ya inkjet, ndipo madandaulo ake ndi omwe ndinali nawo ine. "Agogo, bwanji chikutuluka chotuwa chonchi, komanso ngati chobiriwira?" Chifukwa chake n'chakuti printa wamba imasakaniza inki zamitundu kuti ipange mtundu wa phulusa, ndipo ikaphonya pang'ono, kubiriwira kapena kufiirira kumalowerera. N'chifukwa chake mu 2005 kampani ya Epson inatulutsa inki za UltraChrome K3, zokhala ndi inki yakuda ndi zina ziwiri zotuwa, kuti mthunzi uziyenda bwino kuchoka pakuda kufika poyera. Pepala nalo lili ndi mbali yake. Losawala limafuna inki ya matte black, lonyezimira limafuna photo black, ndipo ukasokoneza, chakuda chimafooka. Ndinasangalala kumva kuti kuli mapepala a inkjet otchedwa baryta, dzina lomwe lija la mapepala athu akale okutidwa ndi barium sulphate.

Zotsalazo ndi nzeru za m'chipinda chamdima basi. Galasi la kompyuta limadziwalira lokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, choncho amene wawalitsa kwambiri kompyuta yake amatulutsa zithunzi zoderapo. Ndimamuuza mdzukulu wangayo kuti achepetse kuwalako, ayese pa kachidutswa kaye, ndipo aweruze chithunzi chikauma, monga ifenso tinkadziwira kuti pepala lathu limaderako likauma. Mu Photoshop muli zida zotchedwa Dodge ndi Burn, ndipo kazizindikiro kake ndi kawaya kathu kaja ndi dzanja lopinda. Ndinaseka nditaziona.

Sindikunena kuti zakale zinali zabwino kuposa zatsopano. Mankhwala aja ankanunkha ndiponso ankadetsa zala. Koma tinkadziwa kuti munthu wakuda ali ndi mithunzi yambiri pankhope pake: kuwala kwa pachipumi, kudera kwa pansi pa chibwano, kufewa kwa m'masaya. Kukweza ukali wa chithunzi mpaka zonsezi zitafafanizika ndi ulesi. Inu achinyamata okhala ndi maprinta, musanapereke chithunzi kwa mwini wake, yang'anani malo awiri: ngati velo ikuonetsa ulusi wake ndipo nkhope ikuonetsa maso ake, mwagwira ntchito.