Kalata ya Malume kwa Mphwake wa ku Nancholi pa za Chingerezi cha Mwana

Kwa mphwa wokondedwa, mayi a ana,

Kalata ino ikuchokera kwa malume amene amva kuti pakhomo pa mphwawo pakhazikitsidwa lamulo loti mwana wa zaka zinayi aziyankhulidwa m'Chingerezi chokha, n'cholinga choti asadzatsalire akadzayamba Sitandade 1. Nkhawa imeneyi si yachabe, pakuti mayeso a MANEB a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, ndipo satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa wolephera Chingerezi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena. Chimene malume akukana ndi njira yake, osati cholinga.

Dziko lino lasinthasintha maganizo pa nkhaniyi. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chikuphunzitsidwa ngati phunziro, kenaka n'kuyamba kuphunzira zonse m'Chingerezi mu Sitandade 5. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti makalasi anayi oyambawo aziphunzitsidwa m'ziyankhulo za makolo a ana, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi pamwamba kuyambira Sitandade 1, ngakhale kuti ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, imaphunzitsabe ana kuwerenga m'Chichewa pambali pa Chingerezi.

Umboni wothandiza kwambiri uli pafupi, kwa anansi a ku Zambia, amene kuyambira 1966 anaphunzitsa ana m'Chingerezi kuchokera kalasi yoyamba. Katswiri wina, Eddie Williams, anayesa ana a m'mayiko awiriwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo anapeza kuti pa Chingerezi ana a ku Zambia sanawapose a ku Malawi monga momwe anthu akanayembekezera, pamene pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Kufulumira kwa Zambia sikunagule Chingerezi chochuluka, koma kunalipiritsa ana luso lowerenga Chinyanja.

Chifukwa chake n'chomveka. Jim Cummins, wofufuza wa ku Canada, anasiyanitsa chiyankhulo chochezera, chimene mwana amagwiritsa ntchito popempha madzi kapena posewera phada, ndi chiyankhulo cha maphunziro, chimene chimafunika pofotokoza chifukwa, poyerekeza zinthu ndi pomvetsa funso la mayeso. Choyambacho mwana amachitola m'zaka ngati ziwiri, pamene chachiwiricho chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri ndipo chimamera pa nzeru zimene mwana wazipeza kale m'chiyankhulo chake choyamba. Mwana amene waphunzira kwa agogo ake kulondoloza nthano ya Kalulu kuyambira pachiyambi mpaka pothera, nadziwa kuti chinthu china chimabala chinzake, sadzaphunziranso kuganiza m'Chingerezi, adzangofuna mawu atsopano a zomwe akuzidziwa kale. Koma pakhomo pamene mayi ndi bambo adziletsa Chichewa, Chingerezi chawo chili cha malamulo afupiafupi oti khala pansi, idya, tonthola, mwana amamva mawu ochepa tsiku lonse, ndipo amakula wosauka m'ziyankhulo zonse ziwiri. Agogo ake akabwera kuchokera kumudzi amangoyang'anana naye ngati alendo a m'minibasi, ndipo ichi ndicho chimawawa kuposa zina zonse.

Pa kuwerenga, Chichewa chili ndi mwayi umene makolo ambiri sauona. Malembo ake a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lirilonse limamveka chimodzimodzi paliponse, kotero kuti mwana akadziwa maphatikizo, ndiko kuti timagawo ta mawu monga ma, me, mi, amatha kuwerenga yekha mawu amene sanawaonepo. Chingerezi sichotero, chifukwa lembo limodzi limamveka mosiyanasiyana m'mawu osiyana. N'kwanzeru kuti chinsinsi chakuti malembo amaimira maliwu mwana achitulukire m'chiyankhulo chimene sichimunamiza. Asadzudzulidwenso akasokoneza l ndi r kapena akaonjezera i kumapeto kwa mawu a Chingerezi, poti m'Chichewa maliwu awiriwo sasiyanitsa tanthauzo ndipo phatikizo lirilonse limathera pa lembo la liwu; akuluakulu omwe ndiwo anapanga buku, sukulu ndi tebulo mwa njira yomweyo.

Ena adzati m'mera mpoyamba, ndipo n'zoona kuti khutu la mwana wamng'ono limatola katchulidwe msanga. Chingerezi chisadikire, koma chilowe ndi pakamwa: nyimbo, masewera, kutchula zinthu za pamsika wa Nancholi popita kukagula tomato, ndi buku la zithunzi limodzi lowerengedwa mobwerezabwereza kwa mphindi zochepa tsiku lirilonse, nkhani yake itafotokozedwa kaye m'Chichewa. Kusakaniza ziyankhulo ziwiri m'chiganizo chimodzi si matenda, ana ambiri a ziyankhulo ziwiri amatero.

Posankha sukulu ya mkaka, mayi asakopeke ndi ana oloweza mayina a masiku ndi miyezi mokuwa, chifukwa kuloweza sikumva. Akhale m'kalasi m'mawa umodzi, aone ngati aphunzitsi amafunsa mafunso amene mwana angayankhe ndi maganizo ake, ndipo afunse mosabisa chimene chimachitikira mwana wogwidwa akuyankhula Chichewa. Sukulu imene imamulanga kapena kumuseka pa chifukwa chimenechi aisiye, ngakhale yunifolomu yake ikongole bwanji.

Moni apite kwa bambo a ana ndi kwa onse a pakhomo.

Malume ake