Chipata Choletsa Phokoso pa Gitala

Achinyamata anzathu, chiyambire Alleluya Band ku Balaka mu 1978, gitala yamagetsi si mlendonso m'dayosizi yathu ya Mangochi. Komatu imadza ndi mnzake wosaitanidwa: mng'ung'uzo wotuluka m'masipika zala zikapuma. Pa nthawi yachete ya Misa, umamveka mpaka kubenchi lomalizira.

Mng'ung'uzowu kawirikawiri umachokera ku magetsi athu a 50 Hz, ndipo umakula tikakweza mawu. Chotithandiza ndi kabokosi kotchedwa noise gate, monga Boss NS-2. Kamatseka njira mawu akachepa, n'kuitsegula tikakhudza nsambo. Sikachotsa phokoso pamene tikuimba, kamangolibisa tikapuma. N'chifukwa chake tisanakagule timayamba tayesa mawaya, pakuti chinyontho cha kunyanja kuno chimachititsa dzimbiri mapulagi.

Pokachuna, timagwira nsambo kuti zisalire, n'kumakweza Threshold pang'onopang'ono kufikira phokoso litangozima. Pomwepo timaima. Tikapitirira, chipatacho chimadula mawu ofatsa asanathe. Decay nayo timaitalikitsako, kuti nyimbo yosinkhasinkha izitha mwaulemu.

Kukhalitsa chete aliyense n'kosavuta, abale. Luso lagona pa kuletsa phokoso koma n'kulola liwu laling'ono kumaliza zimene likunena.