Kalata kwa mdzukulu wa Fomu 4

Lobi, Dedza

Mdzukulu wanga,

Amayi ako akuti Macbeth wakuzunguza mutu, moti wayamba kuloweza manotsi akuti magazi ndi tchimo, mdima ndi zoipa. Zimenezo zisiye. Woloweza chotero, funso likangotembenuzidwa pang'ono amagwira njakata.

Tenga magazi omwewo uwalondole ngati mlenje pa mapazi a nyama. Koyambirira kwa sewero, msilikali wovulala akufika kwa mfumu Duncan ali magazi okhaokha, kudzatama Macbeth kuti wamenya nkhondo mwachamuna. Pamenepo magazi ndi ulemu. Usiku womwe Macbeth wapha Duncan, akuyang'ana manja ake n'kuona kuti ngakhale nyanja singawayeretse, pomwe mkazi wake akuti timadzi pang'ono tikwana. Tsono pita ku chigawo chachisanu. Mayi yemwe uja akuyenda ali m'tulo, nyali sichoka pambali pake, akutikita manja opanda kadontho n'komwe. Mwamuna ndiye wazolowera, wapha Banquo, wapha mkazi ndi ana a Macduff osaphethira. Awiriwa asinthana mitima, ndipo Shakespeare sanaike munthu woti atiuze zimenezo. Akunena ndi magazi aja. Ukalemba chotero, wochonga adziwa kuti bukulo unalitseguladi.

Za kadzidzi sindifuna kumva kuti zakuvuta, mwana wokulira kuno. Kadzidzi akulira usiku wa imfa ya Duncan. Kutacha, Ross ndi nkhalamba ina akusimba kuti masana kwada bii, kadzidzi wapha kabawi, akavalo a mfumu adyana okhaokha. Agogo ako aakazi akanangoti malodza, ndipo akanakhoza. Sewero limeneli linalembedwa cha m'ma 1606, nthawi imene ku England ankakhulupirira kuti mfumu ikaphedwa, dziko lonse limadwala nayo limodzi.

Koma chenjera ndi mdima. Malemu Steve Chimombo analemba The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978, sewero la M'bona ndi Kamundi, wansembe wa nsato ku kachisi wa mvula ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama pompa. Ku akachisi a mvula nsalu yakuda ndiyo inkalemekezedwa, chifukwa inkaimira mitambo yodzala madzi. Chofiira sichinkafunika konse. Uone tsono, chakuda chimene Lady Macbeth akuitana kuti chibise mpeni, kwathu kuno chinali chopempherera chimanga. Chizindikiro chimamveka malinga ndi pomwe chaima, n'chifukwa chake manotsi aja akukunamiza. Aphunzitsi ena amakonda mayankho a mzere umodzi poti savuta kuchonga, koma pamayeso salembapo iwowo.

Zovala usaziiwale. Macbeth atangopatsidwa udindo wa Cawdor akudabwa kuti amuveka zobwereka, ndipo kumapeto Angus akuti ufumu ukumukhuthukira ngati mkanjo wa chimphona pa kambala kakafupi.

Gula pensulo. Paliponse pamene pali magazi, tulo, mdima kapena chovala, chonga m'mphepete, ulembe wayankhula ndani ndi chimene wangochita. Pa tchuthi ubwere nalo bukulo tidzaliwerenge mokweza, pakuti analilembera kuti lizimveka m'makutu. Ubwerenso ndi juzi, kuno kwayamba kuzizira.

Ndine agogo ako.