Nkhafi ya madala siipita ku Joni

Anyamata a Kanyenda, Dwangwa mpaka kuboma, tamvani iyi.

Ambiri mwaiona vidiyo ikuzungulira m'magulupu ija, ya makina ogoba maluwa pachitseko popanda munthu kugwira sompho. Amati CNC. Msuweni wanga ali ku Joni ndipo ntchito yake ndi yomweyo. Akuti chithunzi amajambuliratu pakompyuta, thabwa nkulimanga zolimba patebulo, kenako kachitsulo kakuthwa, kozungulira maulendo 18,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kamangolondola chithunzicho. Chambo chimatuluka ndi mamba ake omwe. Zokongola ndithu, tisanamizane.

Ndiye akuti ndimutumizire nkhafi ya madala pa basi, aigobe chambo ndi dzina lawo. Madala anasiya zapanyanja, msana unawakana. Nkhafiyo ndi yomwe inatilipirira fizi tonse asanu, ndiyo inawabweza kumtunda mwera utawapeza pakati usiku.

Ine ndakana.

Thabwa latsopano limakhala losalala mbali zonse. Nkhafi yakale ayi. Inapindika, ndipo pomwe dzanja linkagwira panadyeka mpaka kunyezimira. Makina aja amawerengera kuya kwake kuchokera pamalo amodzi omwe wawauza kuti apa ndiye pamwamba. Pamtengo wokwera ndi kutsika, pena angokanda, pena alowa mopitirira, ndipo kumapeto kwa nkhafi nkopyapyala, aise. Komanso muli misomali iwiri yomwe madala anakhomera pamng'alu, mitu yake inabisika kale. Kachitsulo kaja kakagunda msomali kamathyoka, mtengo nkung'ambika. Msuweni wavomera yekha kuti zinthu zakale ndi zomwe zimawaopsa kwambiri kuntchito kwawo. Thabwa likaonongeka umagula lina. Nanga nkhafi iyi, ina ndikaipeza kuti?

Musati ndikudana ndi makina. Patakhala mmodzi wa ife nawo pa Dwangwa, zitseko, mabedi, zikwangwani zamashopu, ndalama ilipo, kuposa kudikira usipa. Kungoti ndi magetsi athu ozimazimawa, akathima ntchito ili pakati makina amatha kuiwala pomwe anali, chambo chako nkutuluka ndi mitu iwiri.

Koma pa chinthu choti chinagwira kale ntchito, ine ndimakhulupirira dzanja. Pitani ku Mua, ku KuNgoni komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone. Mmisiri amayamba waupapasa mtengo, akamva mfundo amaizungulira, akaona mng'alu amasintha chithunzi pompo.

Msuweni ndamuuza agobe chambo chakecho pathabwa latsopano, tidzakhoma pachitseko cha madala akabwera pa Khirisimasi. Pankhafi ndikufuna dzina lokha, tizilembo ting'onoting'ono pafupi ndi chogwirira. Madala ndawafunsa, angoti, "Bola asakhudze pomwe ndinkagwira."

Amene akudziwa mmisiri wa dzanja lofatsa, kaya ku Salima kaya ku Mua komweko, andipeze ku inbox. Nkhafiyo ndidzapita nayo ndekha.